Mazira a achemwali ndi samu yanga yochotsera

Achemwali anga amaweta nkhuku, ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Pa misonkhano ya banja mpando wabwino amapatsa ine, chifukwa ndimavala magalasi komanso ndimayenda ndi laputopu kumsana. Achemwali amakhala kumapeto kwa benchi, maso ali pa wotchi, akuganiza za mazira amene awasiya kunyumba. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mayi athu atamwalira, achemwali anali ndi zaka 17, ine zisanu ndi chimodzi. Anasiya sukulu n'kukalowa ntchito pa kampani ina yoswetsa anapiye kunja kwa tauni. Anayamba ndi kutsuka mathireyi. Kenako anawakweza n'kukhala wosankha anapiye: kugwira kamwanapiye, kukatembenuza, kuyang'ana miyendo, pamchombo ndi kunsi kwa mchira, n'kukaika m'bokosi la misoti kapena la atambala, tsiku lonse ali chiimire. Madzulo ankabwera akununkha khola, ndipo fungolo linkalowa mpaka mu yunifolomu yanga. Anzanga akandiseka kusukulu, ndinkabwera n'kudzakwiyira achemwali, amene ankachapa yunifolomuyo ndi manja awo otupa.

Patatha zaka 12 kampaniyo inatsekedwa, ndipo ogwira ntchito anagawana zotsala. Ena anatenga mipando, ena mawilibala. Achemwali anatenga makina akale oswetsera mazira omwe anali atatayidwa kuseri kwa ofesi: bokosi lamatabwa lofika m'chiuno, la mathireyi atatu, hita ndi fani m'mwamba, ndi kagalasi pachitseko. Alamu anga, omwe ndi dalaivala wa lole, panthawiyo anali akungofunsira. Ananyamula bokosilo osafunsa kuti ndi la chiyani, ndipo achemwali amati anawalola tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo anayamba kupanga mtundu wawowawo wa nkhuku. Thadzi loikira bwino nyengo yotentha ankalisunga, lokonda kudwala ankaligulitsa. Tambala wankhanza sankachedwa pakhomo. Patatha zaka 15 anali ndi nkhuku zofiirira, za miyendo yaifupi ndi mchira wakuda, zoti munthu akaziona pamsika ankangoti izi ndi za kwa Mayi Anapiye. Ilo ndiye dzina lawo mumsewu wonse. Sankalemba chilichonse m'buku, koma ankatha kukuuza mayi wa thadzi lililonse, ndi mayi wa mayi akeyo.

Mazira akalowa m'bokosi, achemwali sankachoka pakhomo masiku 21. Ankawatembenuza ndi manja katatu patsiku. Choyezera kutentha chinalipo, koma iwo ankatenga dzira n'kuligunditsa pachikope, n'kunena kuti latentha pang'ono kapena lazizira pang'ono. Tsiku limene ndinalandira digiri yanga sanabwere, chifukwa mazira anali pa tsiku la 19. Ndinawanyanyalira miyezi iwiri yathunthu, ine mwana wophunzitsidwa ndi mazira omwewo.

Chaka chatha chitopa chinalowa mumsewu mwathu. Chinayamba kwa aneba, ndipo pasanathe mlungu khola la achemwali linali zii. Nkhuku zoposa 60 zinapita, alamu akukumba maenje m'mawa ndi masana. Chimene chinatsala pa zaka 15 zija ndi mazira 86 amene anatoleredwa matendawo asanafike m'khola. Ndiye tsoka likati likupeze: kachitsulo koyatsa ndi kuzimitsa hita m'bokosi muja kanali katafa mwezi wapitawo, ndipo kena kanali kasanapezeke. Thadzi loti n'kubwereka kuti lifungatire kunalibe, zonse zinali m'maenje. Dzira nalo silidikira, likapitirira masiku khumi mwayi woti liswe umayamba kutha.

Apa ndi pomwe ndinalowa ine, chifuwa patsogolo.

"Achemwali, vuto limeneli ndi la masiku awiri," ndinatero. "Ndikuikirani kakompyuta. Kazidzayeza kokha, kuyatsa kokha, kuzimitsa kokha. Inu muzingotembenuza mazira."

"A Injiniya," anatero achemwali. Amandiitana choncho akafuna kundigwetsa pang'ono. "Unayamba waswetsako ngakhale dzira limodzi?"

"Kuntchito timapanga zinthu zovuta kuposa izi."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mazira aja. Analola chifukwa panalibe njira ina, koma ine ndinamva ngati alola chifukwa cha digiri.

Kuntchito kwathu kuli mkulu wina amene timamutcha a Nanga. Pulogalamu iliyonse imadutsa m'manja mwawo isanapite kwa makasitomala, ndipo mafunso awo onse amayamba chimodzimodzi. Nanga nambalayi ikakhala ziro? Nanga ikakula kuposa malo ake? Ife achinyamata timawaseka ku kantini, timati munthu ameneyu asanakhale pampando amaufunsa kaye ngati uli ndi miyendo. Pulogalamu ya mazira sindinawaonetse. Inali ya mizere makumi anayi basi, ndipo ndinaona kuti n'kuwatayitsa nthawi. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndikufotokozereni mmene inkagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Kakompyutako ndi kabodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo sikayenda bwino ndi manambala a theka. Choncho kutentha kofunika kwa mazira, madigiri 37.5, ndinkakulemba 375. Sekondi iliyonse kabodiko kankachita samu imodzi yochotsera: 375 kuchotsa kutentha komwe kuli m'bokosi. Yankho likakhala lalikulu, ndiye kuti mwazizira kwambiri, hita iyake mwamphamvu. Likakhala laling'ono, hita ifooke. Samu ya mwana wa sitandade 2.

Polemba pulogalamu umayenera kusankha mtundu wa malo osungiramo nambala iliyonse. Ine ndinasankha malo amene amasunga kuyambira ziro mpaka 65,535, opanda manambala a pansi pa ziro. Ndinadzifunsa kuti, kodi m'bokosi la mazira mungazizire mpaka pansi pa ziro? Ayi. Ndinadziyamikira chifukwa cha nzeru imeneyi, n'kupita kukamwa tiyi.

Ndinayesa bokosilo masiku awiri lili lopanda kanthu. Nambala inkakwera bwinobwino pa kasikirini kamene ndinalumikiza ku kabodiko: 30, 35, 37, kenako 37.4, n'kuima pomwepo, chifukwa ikamayandikira hita inkafooka. Sinadumphe 37.5 ngakhale kamodzi. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira abale onse pa foni.

Mazira analowa. Masiku oyambirira achemwali sankakhulupirira kasikirini kanga, ankapitiriza kugunditsa dzira pachikope. Pa tsiku lakhumi anatseka makatani a kachipinda kosungiramo katundu komwe bokosilo limakhala, n'kuwunika dzira lililonse ndi tochi. Mazira 79 anali ndi timitsempha tofiira, ndipo mkati munkaoneka kanthu kakugwedezeka. Ndinaona achemwali akumwetulira koyamba chithereni nkhuku zawo. Anandiitananso kuti a Injiniya, koma ulendo uno mawuwo analibe minga. Mutu wanga unakula moti pachitseko ndinkadutsa cham'mbali.

Nthawi yonseyi dzino linkawapweteka achemwali. Tsaya linatupa, kudya ankadyera mbali imodzi, koma za kuchipatala ankati zidikire anapiye aswe. Amene anawakakamiza ndi ine. Ndinawauza kuti masiku omangirira munthu pa mazira anatha, makina safuna mlonda. Loweruka, pa tsiku la 15, anagonja.

"Uzisuzumira pakagalasi ola lililonse," anatero ali pachitseko, chikwama m'manja.

"Pitani, achemwali. Ine ndilipo."

"Ola lililonse, wamva?"

"Ndamva."

Linali tsiku lotentha, loti malata amalira okha padenga. Ndinasuzumira kamodzi cha m'ma 11 koloko, n'kuona 37.4 ili pamalo pake. Kenako ndinakakhala pakhonde ndi alamu, omwe anali pa tchuthi tsiku limenelo, n'kuyamba kuwafotokozera mmene makina anga amagwirira ntchito. Alamu ndi munthu wofatsa, sadula mnzake mawu. Ndinawajambulira mabokosi ndi mivi kuseri kwa kalendala yakale. Ndinawauza kuti ndikuganiza zotsegula kampani, tizigulitsa makina otere kwa alimi onse. Anasinza, anadzuka, anandipeza ndikulankhulabe.

"Nanga m'bokosimo mukatentha kupitirira muyeso, imatani?" anafunsa alamu, mwina pongofuna kuonetsa kuti anali maso.

"Imadziwa yokha, alamu. Ndi samu chabe."

Pamene ndinkayankha choncho, kuseri kwa khoma lomwe ndinatsamira, mazira anali ali pa ola lawo lachiwiri la kuphikidwa.

Achemwali anafika cha m'ma 2 koloko ndi theka, thonje lili m'kamwa, tsaya lili dzanzi. Anaima pakati pa bwalo n'kununkhiza. Kenako anaponya chikwama pansi n'kuthamangira m'kachipinda kaja, ife tili pambuyo. Kasikirini kankaonetsa 46.2. Hita inali psuu. Anazula pulagi, anatsegula chitseko, anatulutsa mathireyi n'kuwayala pa simenti. Anatenga dzira limodzi kuti aligunditse pachikope, koma analichotsa msanga. Sanakalipe. Anangokhala pansi pakati pa mathireyiwo, magazi akuoneka pa thonje.

Ndipo ine, munthu wa digiri, mawu amene ndinapeza oti ndinene anali akuti, "Sizingatheke, ndinayesa."

Ndinatsegula laputopu, ndipo cholakwikacho ndinachipeza m'mphindi khumi. Ine ndinayesa bokosi lopanda kanthu. Koma dzira lamoyo likamakula, kamwanapiye mkatimo kamatulutsa kutentha kwakekwake, chinthu chimene achemwali akanandiuza ndikanawafunsa. Anapiye 79, kuphatikiza dzuwa la pamalata, anakankha nambala ija kuchoka pa 374 kufika pa 376. Kabodi kanachita samu yake: 375 kuchotsa 376. Yankho ndi imodzi pansi pa ziro, koma m'malo amene ndinasankha mulibe pansi pa ziro. Nambala ikasowa kotsikira imazungulira n'kukatulukira kumapeto kwina. Yankho linatuluka 65,535. Kabodi kanaona ngati mazira ali m'madzi oundana, n'kuyatsa hita ndi mphamvu zake zonse. Kutentha kukakwera, yankho linkangotsika pang'ono, 65,534, 65,533, lalikulube, hita osafooka.

Ndinayesa kufotokoza zimenezi. Alamu ndi amene anamva msanga.

"Ngati mita ya mtunda ya lole," anatero alamu. "Ili pa ziro, ukaibweza m'mbuyo, imaonetsa manaini okhaokha."

"Eya, choncho."

Achemwali analavula thonje m'kapepala. Ankalankhula movutikira, mbali imodzi ya kamwa isakuyenda.

"Ndiye kompyuta yakoyo sidziwa kuti sungachotse 376 pa 375?"

"Imachotsa, achemwali. Kungoti yankho likakanika kukwana sinena, pokhapokha utaifunsa."

"Iwe sunaifunse."

"Sindinaifunse."

Kukonza kwake kunali mizere inayi. Usanachotse, yamba waona ngati chochotsacho chili chachikulu kuposa chochotsedwa. Ngati chili chachikulu, usachotse n'komwe: zimitsa hita, yatsa fani. Mizere inayi imene ndikanailemba tiyi uja asanazizire. Ndinachita manyazi amene sindinayambe ndachitapo, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'choti achemwali anabwezera mazirawo m'bokosi lomwelo, pa kabodi kanga komweko, chifukwa kunalibe kwina kowaika.

M'mawa mwake anatsekanso makatani n'kuyatsa tochi. Ine ndinkawapatsira dzira, iwo ankawunika n'kuliika kumanzere kapena kumanja. Kumanzere kunadzaza. Kumanja kunapita asanu ndi awiri okha, onse a m'thireyi yapansi, a m'mbali mwa chitseko momwe mumalowa kamphepo.

Lolemba ndinatengera pulogalamu ija kwa a Nanga n'kuwauza zonse. Ndinkadikira kuti anditsuke m'kamwa, koma anangokoka mpando. Anandionetsa njira imene iwo amachotsera nambala iliyonse, ngakhale yooneka yosalakwa bwanji. Ndi kantchito kamene kamabweza zinthu ziwiri, yankho ndi chizindikiro chonena ngati yankholo lasefukira malo ake, ndipo pulogalamu siloledwa kugwiritsa ntchito yankho isanayang'ane chizindikirocho.

"Nanga waya wa choyezera kutentha ukaduka, kabodi kaziwerenga chiyani?" anafunsa a Nanga.

"Ziro."

"Ndiye 375 kuchotsa ziro?"

Ndinangogwira pakamwa. Ndikanawaphikanso kachiwiri, ndi samu yolondola bwinobwino. Tinakonza zimenezo, tinaikanso kabelu koti kazilira kutentha kukadutsa 38. Sanandiuze kuti iwo anaphika chiyani ali wachinyamata, koma mmene ankandiyang'anira ndinadziwa kuti chilipo. Ku kantini ndinasiya kuseka nawo.

Pa tsiku la 21 anaswa anayi. Atatu enawo anagogomola pang'ono n'kufera m'chikamba. Achemwali anatenga anayiwo mmodzimmodzi, kuwatembenuza monga ankachitira ku kampani kuja, kuwayang'ana mofatsa, n'kuwaika m'katoni pansi pa babu.

"Misoti ilipo ingati?" ndinafunsa. Ndinkadziwa kuti pakangopezeka msoti umodzi ndi tambala mmodzi, mtundu wawo upitirira.

"Tiona akakula," anatero.

Munthu amene anasankha anapiye zaka zonse zija sangalephere kudziwa. Koma ine ndinagwiritsitsa mawu amenewo, ndipo mwina nawonso ankafuna kuti maso awo akhale kuti awanamiza.

Nkhani inali itafika kale kwa abale onse, omwe aja ndinawatumizira kavidiyo. Dzina loti a Injiniya linatha, ndinasanduka a Kuki. Amalume ankandiimbira foni kufunsa ngati ndingawaphikireko mazira a kadzutsa, poti iwo chitofu chawo n'chochedwa. Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani. Achemwali okha sanandisekepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanandiseka.

Loweruka lililonse ndinkapita kukaona anapiyewo, nditanyamula thumba la chakudya chawo ngati munthu wokapepesa kwa apongozi. Atatu ankakula mwamphamvu, miyendo yokhuthala, ndewu kale. Wachinayi anali wamng'ono, wofatsa, wokonda kukhala yekha pakona. Ameneyo ndinamutcha Kamsoti. Ndinkamupatsa chakudya padera, kumuyang'ana mchira, kufufuza zithunzi pa foni n'kumafananiza. Achemwali ankangondidutsa ndi ndowa zawo.

Mwezi wachinayi alamu anayamba kunditumizira mauthenga aafupi. Wina walira. Patapita masiku asanu: winanso walira. Kenako wachitatu. Lamlungu lina masana ndili pabwalo, ndikuwauza alamu kuti khalidwe la Kamsoti ndi la thadzi ndithu, iye anakwera pa mpini wa wilibala, anatambasula khosi, n'kulira kamawu kosasa, kothera panjira. Alamu anayang'ana kumbali. Ine ndinaima pomwepo, mbale ya chakudya chake ili m'manja.

Atambala anayi sakhala khola limodzi. Anayamba kujomphana mpaka magazi. Achemwali anasankha mmodzi, wa mchira wakuda kwambiri, n'kumugulira misoti khumi ya kumsika. Bokosi lija likugwira ntchito mpaka lero, kabelu sikanalirepo, ndipo anapiye akuswa bwino. Koma amatuluka amawangamawanga, ena oyera, ena a miyendo yaitali. Ndinawauza achemwali kuti ndawerenga, ndipo akamasankha bwino, pakatha zaka zingapo mtunduwo ukhoza kubwererako pang'ono.

"Ndili ndi zaka 44," anatero. "Aja ndinayamba ndili ndi 29. Awa ndi ena, tiwaweta mmene alili."

Atambala atatu otsalawo anayenera kuchoka. Awiri anawapereka kwa aneba. Loweruka lotsatira anandiimbira kuti ndibwere kudzadya chamasana. Nditafika ndinapeza alamu atakhala kale patebulo, ndipo pabwalo pakona ija ya Kamsoti panalibe kanthu. Achemwali anabweretsa mbale, anandiikira ntchafu ndi chidale, anaikira alamu, kenako anakhala pansi patsogolo pawo palibe mbale.

"Achemwali, inu simudya?"

"Idya iwe. Ine ameneyu ndimamudziwa. Mayi ake anali uja ankaikira kuseri kwa chitseko."

Ndinafuna kukankha mbaleyo, koma kukana kukanakhala chipongwe china pamwamba pa choyamba. Ndinadya, iwo atagwira tsaya akundiyang'ana, osati mokwiya, monga ankandiyang'anira ndili mwana kuti aone ngati ndikukhuta. Misozi inkalengeza m'maso mwanga, ndipo choipa kwambiri n'choti nyamayo inali yokoma. Ndadya nkhuku m'malo ambiri, koma yotere sindinailawepo. Ndinamaliza yonse mpaka kuswa mafupa, ndipo achemwali anadzuka n'kukandiwonjezera yotsala mumphika.